Masamu a Liwiro la Matenda ndi Udindo wa Ogulitsa Mbewu

Matenda a chimanga akabuka m'dziko loyandikana ndi lathu, timafunsana kuti atipeza liti. Funsoli lili ndi masamu ake. Mu 1937 Ronald Fisher anasonyeza kuti chinthu chochulukana komanso chobalalika chimayenda ngati funde, pa liwiro losasintha. Mu 1951 J. G. Skellam anayesa ganizoli pa muskrat, nyama yonga khoswe imene inamasulidwa pafupi ndi Prague mu 1905, ndipo anapeza kuti malire a dera lake ankasuntha mtunda pafupifupi wofanana chaka chilichonse.

Masamuwo amalembedwa motere: liwiro = 2√(r × D). Chilembo r chikuimira msanga wa kuchulukana kwa tizilombo pamene tikadali tochepa, ndipo D chikuimira kubalalika kwake. Chizindikiro cha √ chili ndi phunziro lowawa: kuti liwiro litsike ndi theka, kuchulukana kuyenera kutsika kanayi. Tikangokuchepetsa ndi theka, kaya popopera mankhwala kaya pobzala mitundu yopirira, funde limayendabe pa magawo 71 mwa 100 a liwiro lake lakale.

Komabe masamuwa amatenga kuti tizilombo timayenda pang'onopang'ono, kuchoka m'munda kulowa m'munda woyandikana. Lole yonyamula matumba siyenda choncho. Matenda a maize lethal necrosis anaoneka ku Bomet m'dziko la Kenya mu 2011, ndipo m'zaka zochepa anapezeka ku Tanzania, Uganda, Rwanda ndi Ethiopia. Kachilombo ka MCMV, kamodzi mwa toyambitsa matendawa, kamatha kuyenda m'mbewu. Njere zopatsira matenda zimakhala zochepa kwambiri, koma imodzi ikamera kutali, imayambitsa funde lakelake. Mafunde otere akamachuluka n'kumakumana, kufala kwa matenda kumafulumira kuposa momwe masamu aja analoserera.

Apa ndi pamene ntchito yathu ikulowa. Mlimi angalimbane ndi kuchulukana kwa tizilombo m'munda mwake, koma kulumpha kwa matenda mitunda italiitali kuli m'manja mwa ife amene timawolotsa mbewu m'malire. N'chifukwa chake kuyeza mbewu mu labotale, ziphaso za umoyo wa zomera, ndi malo osungirako mbewu padera monga a ku Mazowe ku Zimbabwe sitiyenera kuziona ngati zochedwetsa malonda. Mbewu ikadikira zotsatira pamalire, kampani imataya masiku. Ikadutsa yosayezedwa ili ndi kachilombo, alimi a dera lonse angataye zokolola.