Rhubarb: Tidye Mapesi, Masamba Titaye

Ife tinakulira nkhwani, kholowa ndi chigwada, choncho tikaona chomera cha masamba akuluakulu maganizo amathamangira ku ndiwo. Pa rhubarb chizolowezi chimenechi n'choopsa. Masamba ake ali ndi poizoni, makamaka asidi wotchedwa oxalic, ndipo sadyedwa ngakhale ataphikidwa. Odyedwa ndi mapesi ake okha, ofiira aja.

Chomerachi chimakonda madera ozizira. Ku England, alimi a ku Yorkshire amachikulitsira m'nyumba zamdima kuti mapesi akhale ofewa. Komabe mapesiwo amawawasa ngati bwemba, n'chifukwa chake ophika ambiri amakhuthuliramo shuga wochuluka.

Ife shugayo tingamupewe. Tidule mapesi m'tizidutswa, tiike mu poto pamodzi ndi maapozi otsekemera ndi madzi a lalanje limodzi, tivundikire, kenako tiphike pa moto wochepa kwa mphindi 10. Tikaphula, tinyenyeremo nthochi yakupsa kwambiri. Poto asakhale wa aluminiyamu, chifukwa asidi uja amamudya.

Nanga uchi? Nawonso ndi shuga ndithu. Ndipo amene amavutika ndi timiyala ta mu impso ayambe afunsa dokotala, popeza mapesinso ali ndi asidi yemweyo, ngakhale wocheperapo.