Nambala yopanda muyezo si yankho

Mphwanga, ndikudziwa kuti mtima wako uli pa kuwotcherera mawaya ndi kudzutsa wailesi yakufa. Masamu a miyezo ukuwaona ngati otayitsa nthawi. Komatu ndaona ana a manja aluso akupsereza zipangizo chifukwa cha kachilembo kamodzi kokha.

Yamba ndi m wamng'ono ndi M wamkulu. Wamng'onoyo ndi milli, gawo limodzi mwa magawo 1,000. Wamkuluyo ndi mega, miliyoni yathunthu. Makina a pa Kapichira, pa mtsinje wa Shire, amapanga magetsi pafupifupi 130 MW. Ukalemba mwaulesi kuti 130 mW, watchula mphamvu yongoyatsa timababu ta LED titatu. Mphunzitsi akakuchotsera malikisi pa zimenezi usamuone ngati wankhanza.

Enawo uwaloweze: kilo ndi 10³, micro ndi 10⁻⁶, nano ndi 10⁻⁹, pico ndi 10⁻¹². Kuchoka pa milli kutsika, sitepe iliyonse ndi 1,000. N'chifukwa chake amisiri amakonda kulemba 47 × 10⁻⁶ m'malo mwa 4.7 × 10⁻⁵, ngakhale zonse zili zolondola: yoyambayo ikuwerengeka yokha kuti 47 micro. Kulemba 0.000047 ndiye kudziputira, chifukwa maziro ukawawerenga kawiri sakhala ofanana.

Tiyese ndi lamulo la Ohm. Uli ndi 5 V, LED yofiira ikudya pafupifupi 2 V ndipo ikufuna 20 mA. Pakutsala 3 V. Gawa 3 ndi 0.02 (ndiye 20 mA ija), upeza rezisita ya 150 Ω. Ukaiwala milli n'kugawa ndi 20, upeza 0.15 Ω, chomwe ndi chimodzimodzi kungolumikiza waya, ndipo LED ija ipsa usanaphethire. Kalikuleta siingakuchenjeze. Ndipotu nayonso ili ndi msampha wake: batani la EXP lili kale ndi "× 10" m'kati mwake. Ukadina 20 × 10 EXP −3 ikupatsa 0.2, osati 0.02. Dina 20 EXP −3 basi.

Chomwe ndikufuna kwenikweni n'chakuti uzidziwa kukula kwa yankho usanagwire kalikuleta. Mavoti ukawagawa ndi ma kilo-ohm, yankho limabwera mu ma milliamp. Tsono 12 V pa 4.7 kΩ ndi ma milliamp awiri ndi theka kapena kuposerako pang'ono. Makina akakuuza 2,553, udziwiretu kuti chala chaphonya penapake.

Zolembedwa pa zipangizo nazo zili ndi kalembedwe kake. Pa mapulani upeza 4k7, kutanthauza 4.7 kΩ, chilembocho chaima pamalo pa kadontho, poti kadontho kamafufutika. Kapasita kakang'ono kolembedwa 104 ndi 10 wotsatiridwa ndi maziro anayi, mu pico: 100,000 pF, yomwe ndi 100 nF, yomwenso ndi 0.1 µF. Wogulitsa akhoza kukuuza kuti 0.1 µF alibe, pomwe 104 yadzaza m'kabati mwake.

Pita kwa wokonza mawailesi pamsika, upemphe bolodi lakufa. Madzulo aliwonse sankha tizipangizo khumi, ulembe mlingo wa kalikonse m'njira zitatu: nambala yonse, ya chilembo, ndi ya × 10. Marezisita uwazule, uwayeze ndi mita, uone ngati zikugwirizana. Ndipo usanalembe chomwe mita yaonetsa, yang'ana kaye pomwe waloza chozungulira cha pa mitayo, chifukwa 4.70 pa 20k ndi 4.70 pa 20M zimaoneka zofanana pagalasi.