Phunziro la Lero: Kukhazika Mtima Pansi

Khalani pansi, tsekani makope. Lero sitilemba kanthu, koma amene wayamba kale kumwetulira adziwe kuti phunziroli ndi lovuta kuposa masamu a dzulo. Tikambirana za kusinkhasinkha: kukhala chete mwadala kwa kanthawi, maganizo onse ali pa chinthu chimodzi.

Tiyambire m'thupi. Tinene kuti mwalawirira kunyanja kukatsuka mbale, mwadzidzidzi mvuu yavuuka pafupi nanu. Musanaganize n'komwe chochita, ubongo watumiza kale uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timeneti tathira m'magazi mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima, umene munthu wamkulu akakhala phee umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, wayamba kuthamanga. Mpweya wafupika, m'kamwa mwauma, m'manja muli thukuta, ndipo phala limene munamwa layamba laima kaye kugayika. Zonsezi n'zabwino, thupi likukonzeka kuliyatsa liwiro. Mukafika kumtunda n'kupumako, zonse zimabwerera mwakale.

Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa mvuu ndi ngongole. Taganizani za bambo amene chilimira chake chikubwerako chopanda usipa chifukwa cha mwera, pamene mafuta a injini anatenga pa ngongole. Kapena mayi amene akudikira ndalama kuchokera kwa amuna awo ku Joni, foni ili zii. Chigwereni mphamvu ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani pano sanawamvepo makolo ake akuwerengera mtengo wa chimanga pakati pa usiku? Inunso mukuwerenga masiku otsala kuti mayeso a MANEB ayambe. Thupi limakhala chikonzekere kuthawa mwezi wathunthu, pamene kothawira kulibe. Mapeto ake ndi kusowa tulo, litsipa, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, kuiwala zimene mwangowerenga kumene, ndipo kwa akuluakulu nkhawa yosatha imawonjezera vuto la kuthamanga kwa magazi. Ndiye ena mwa inu, m'malo mogona, mumafunda chitenje n'kumasuzumira pa WhatsApp ndi TikTok mpaka tambala woyamba. Musandiyang'ane choncho, maso anu ofiirawo amakuululani.

Dokotala wina wa matenda a mtima ku Harvard, m'dziko la America, dzina lake Herbert Benson, anayeza matupi a anthu osinkhasinkha ndipo mu 1975 anatulutsa buku lotchedwa The Relaxation Response. Anapeza kuti thupi lilinso ndi njira yodzizimitsira lokha: mtima umabweza liwiro, kapumidwe kamadekha. Chofunika, malinga ndi iye, ndi zinthu ziwiri. Choyamba, kubwereza liwu limodzi, pemphero lalifupi kapena kutsatira mpweya wanu. Chachiwiri, maganizo akathawa, kuwabweza mosakangana nawo. Mu 1979, Jon Kabat-Zinn anayambitsa pa sukulu ya zaudokotala ya University of Massachusetts maphunziro a masabata 8 a odwala amene ululu wawo sunkatha. Njira yake anaitenga kwa Abuda, koma anaiphunzitsa m'chipatala popanda za chipembedzo.

Ndaona wina wakwinya nkhope atamva za Abuda. Mtima m'malo, palibe akukutembenuzani. Kodi agogo anu akamaliza swala n'kukhala pamkeka, chala chikusuntha mikanda ya tasibihi umodziumodzi mpaka 33, milomo ikubwereza mawu omwewo, mumaona kuti nkhope yawo imakhala yotani? Nanga amayi a Chikatolika akagwira kolona madzulo? Sindikunena kuti pemphero ndi mankhwala a bipi, ayi, pemphero lili ndi Mwini wake. Ndikungoti kukhala chete n'kumabwereza chinthu chimodzi si zachilendo kuno kwathu. Chachilendo n'chakuti mbadwo wanu ukuleka.

Chimene chimandidabwitsa ine ndi ichi. Alendo amachoka ku Blantyre, ku Lilongwe, ena kutsidya kwa nyanja zamchere, ena mpaka kutera ndi ndege pabwalo la pa Makokola pompano. Amalipira ndalama zochuluka kuti akhale pamchenga osachita kanthu, akuyang'ana chilumba cha Boadzulu. Inu mchenga womwewo mumaupondaponda tsiku lililonse ulele, koma kukhalapo chete mphindi zisanu mumati n'kutaya nthawi.

Tsopano tiyese. Khalani mowongoka, mapazi onse pansi, manja pa maondo. Maso mutseke, kapena muyang'ane malo amodzi pa desiki. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima mpaka 4, ndipo mimba ndiyo ifufume, mapewa asakwere. Tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, koma mukamawerenga chonchi mutsika kufika pafupifupi ka 6. Kutulutsako tikukutalikitsa dala, chifukwa mtima umabweza liwiro pamene mpweya ukutuluka. Amene akukayika aike zala ziwiri pamtsempha wa padzanja, m'munsi mwa chala chachikulu, adzimvere yekha.

Simufika patali maganizo asanathawe. Wina akumbukira ndiwo, wina mpira wa Loweruka, wina mtsikana wa mu Fomu 3. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti zawakanika. Sizinakanike. Kuzindikira kuti maganizo achoka, n'kuwabweza pa mpweya osadzikalipira, ndiyo ntchito yeniyeniyo. Mukawabweza kakhumi, mwaigwira kakhumi. Mphindi zisanu tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu kamodzi pa mwezi.

Koma ndisakunamizeni. Kusinkhasinkha sikubweza ngongole, ndipo amene sanawerenge Biology angapume bwino chotani adzalakwa ndithu, kungoti adzalakwa modekha. Sikulowanso m'malo mwa chipatala. Ngati padutsa masabata awiri munthu sakugona, chakudya sichikulowa, zimene ankazikonda sizikumusangalatsanso, kapena wayamba kulankhula zodzipha, ameneyo asauzidwe kuti akakhale chete kunyanja. Akudwala, ndipo matendawa amachizika. Muuzeni munthu wamkulu tsiku lomwelo, apite naye kuchipatala chapafupi kapena cha boma ku Mangochi. Kukafunika thandizo loposa apo, kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndiponso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Anyamata, mumve bwino apa: malipoti a apolisi m'dziko muno amasonyeza kuti ambiri odzipha ndi amuna. Zija amati mwamuna salira zatitayitsa anthu ambiri.

Ntchito yakunyumba ndi iyi: usiku uno, musanagone, foni ikhale patali, muchite zimene tayesazi kwa mphindi zisanu. Mawa ndifunsa mmodzimmodzi mmene wagonera, ndipo amene ali ndi chomulemera mumtima andipeze ku ofesi nthawi yopuma.