Mwana wa Miyambo Iwiri m'Mabuku a Nthano

Akuluakulu akale anati, "Mapanga awiri abvumbwitsa." Tanthauzo lace ndi lakuti munthu amene mvula yampeza pakati pa mapanga awiri, akayamba kuthamangira uku ndi uku osadziwa polowa, anyowa ndithu. Anthu ena aganiza kuti ana a mu Lusaka ali monga munthu ameneyo, pakuti akula pakati pa miyambo iwiri: mwambo wa makolo ndi mwambo wa m'tauni umene unadza ndi sukulu ndi Cingelezi. Phunziro lino linena za ana otere, ndi za mabuku a nthano amene asimba za moyo wao.

Poyamba nkofunika kudziwa m'mene zinthu izi zinayambira. Lusaka anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, boma litacoka ku Livingstone. Masiku amenewo mzinda unali wogawidwa. Azungu anakhala kumalo monga Woodlands ndi Kabulonga, m'nyumba zazikuru za mabwalo a maluwa. Anthu akuda anakhala ku Kabwata, ku Chilenje ndi ku Matero. Ku Kabwata boma linamanga tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, togonamo amuna odzagwira nchito, ndipo tina mwa tinyumbato tinasungidwa pamalo ochedwa Kabwata Cultural Village. Masukulu naonso anali ogawidwa. Sukulu ya Kabulonga Boys kale inali kuchedwa Gilbert Rennie, ndipo inali ya ana a Azungu.

Dziko la Zambia litalandira ufulu pa 24 October 1964, zitseko zimene zinali zotseka zinatseguka. Mabanja a anthu akuda analowa m'nyumba za ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndipo ana ao analowa m'masukulu aja. M'caka ca 1966 boma linalamula kuti ana aziphunzira m'Cingelezi kuyambira kalasi loyamba. Motero kunabadwa mbadwo wa ana olankhula cinenero cina kunyumba ndi cina kusukulu.

Mwana wotere akomana ndi mabvuto amene akuluakulu sawaona msanga. Kusukulu aphunzitsi amuuza kuti aimirire ndi kuyang'ana kumaso poyankha. Kunyumba amai ace amuuza kuti agwade ndi kuweramitsa mutu polankhula ndi akulu. Pa chuti akwera basi pa mseu wa Great East, umene upitirira pa Chelstone, kunka kwa agogo ace ku Katete kapena ku Petauke. Kumeneko anzace amseka cifukwa anena "manje" m'malo mwa "tsopano", ndi "vakudya" m'malo mwa "zakudya", ndiponso khasu limcititsa matuza m'manja. Akabwerera ku Lusaka, ena amsekanso cifukwa waphunzira kuomba m'manja popereka moni. M'masukulu ena ana anali kulangidwa akamveka alikulankhula cinenero ca kwao. Mwana amene asekedwa uku ndi uku angathe kuyamba kucita manyazi ndi agogo ace, ndipo tsiku limene aleka kuceza nao ataya cuma cimene sangacigule m'sitolo iri yonse ya mu Cairo Road.

Apa ndi pamene mabuku a nthano athandiza. Mabuku ambiri amene ana anawerenga kale anacokera ku England, ndipo anasimba za ana osewera m'cipale cozizira cimene sicigwa kuno. Nthanozo zinali zokoma, koma mwana wa ku Kabwata sanadzipeze m'menemo. Cifukwa cace anthu a kuno anayamba kulemba okha. Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland, analemba buku la Cinyanja lochedwa Nthondo, limene linapata mphotho m'caka ca 1933. Bukuli litsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira ubwana wace, amene analeredwa m'miyambo ya Acewa nakomana pambuyo pace ndi ciphunzitso ca mishoni. T. Cullen Young analimasulira m'Cingelezi, nalicha Man of Africa. M'caka ca 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, ndipo kucokera mu Lusaka linaturutsa mabuku ambiri m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'Cilozi.

Olemba a m'zaka zotsatira anapitiriza nchitoyo. Mmodzi wa iwo ndi Ellen Banda-Aaku, amene anabadwira ku England m'caka ca 1965 nakulira ku Zambia. Buku lace la ana lochedwa Wandi's Little Voice linapata mphotho ya Macmillan m'caka ca 2004. Buku lace lina, la akulu, lochedwa Patchwork, linapata mphotho ya Penguin m'caka ca 2010. Limenelo lisimba za mtsikana wa zaka 9 wa mu Lusaka, amene moyo wace wagawika pakati pa nyumba ya amai ace ndi famu ya atate ace. Winanso ndi Namwali Serpell, amene anabadwira mu Lusaka m'caka ca 1980 kwa atate ocokera ku Britain ndi amai a ku Zambia. Iyeyu anamuka ku America akali mwana, koma buku lace lalikuru la akulu, The Old Drift, la m'caka ca 2019, lisimba za Zambia.

Nthano yotere icita zinthu ziwiri. Coyamba, mwana amene aiwerenga azindikira kuti sali yekha, ndi kuti kusokonezeka kwace si ucitsiru ai. Caciwiri, mnzace amene anali kumseka alowa m'mtima mwa mwana wa m'nthanoyo, namva m'mene citonzo ciwawira. Olembawo naonso ndi citsanzo, pakuti anakhoza kulemba zotere cifukwa anadziwa mbali zonse ziwiri. Akadataya mbali imodzi, sakadakhala ndi cosimba.

Tsono mwambi uja uyenera kumveka bwino. Wobvumbwa ndi iye amene aima panja, wocita manyazi ndi phanga iri ndi kuopa phanga ilo. Koma mwana amene adziwa kugwadira agogo ace m'Cinyanja cabwino, nadziwanso kulemba kalata m'Cingelezi cabwino, ali ndi pothawira pawiri. Agogo akalandira pepala la mankhwala kucipatala, ndiye awawerengera. Mlendo akafunsa za miyambo ya dziko, ndiyenso afotokoza.

Mafunso

1. Kodi mwambi wakuti "Mapanga awiri abvumbwitsa" utanthauza ciani?
2. Chulani malo awiri a mu Lusaka kumene Azungu anakhala, ndi awiri kumene anthu akuda anakhala, ufulu usanadze.
3. Ndani analemba Nthondo, ndipo anali kugwira nchito yanji?
4. Nthano ya mwana wa miyambo iwiri ithandiza bwanji woiwerenga?

Zocita

Funsani munthu wamkulu wa kwanu mau asanu amene samveka m'tauni. Lembani nthano yaifupi ya mwana wa ku Lusaka amene wapita kumudzi, ndipo muikemo mauwo.