Futari Yanu ndi Banja la M'bale Amene Ali M'ndende



Dzuŵa likapendeka m'mwezi uno wa Ramadhani, utsi umafuka m'makomo monse a m'mbali mwa nyanja. Uku akuphika phala la mpunga, uku akukazinga utaka, ana nao makutu ali ku mzikiti kudikira adhana. Tsono inu taŵerengani makomo a m'mudzi mwanu limodzilimodzi. Mupeza lina limene moto wake sukoledwa masiku onse, ndipo anthu podutsa pamenepo amafulumiza mapazi. Mwini khomolo sadamwalire ai. Ali m'ndende ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, kaya adamtumiza ku Zomba kaya ku Maula. Phunziro lino likunena za mkazi wake, ana ake ndi mayi ake okalamba aja.

Munthu akamwalira timadziŵa chochita. Timasonkha ufa ndi nkhuni, timagona pa maliro, ndipo wamasiye timamkumbukira. Koma munthu akamangidwa palibe amene amayendetsa mbale. Chikhalirecho njala yake ndi yomweyo, mwinanso kuposa. Bambo uja ankabwera m'maŵa ndi gawo lake la usipa kuchokera ku chilimila, ndipo gawolo lidatha tsiku lomwe adamtenga. Mkazi amayamba kugulitsa njinga kuti apeze yoyendera ku khoti, kenaka mbuzi, kenaka ukonde ndi bwato. Mwana wa Fomu 2 amakhala pansi chifukwa cha fizi. Pa doko pamakhalanso amuna ena osaopa Allah, amene akaona mkazi alibe chogulira nsomba amapezerapo mwaŵi. Nkhani zotere mumazidziŵa, sitifuna kuzitambasula m'mwezi wolemekezeka.

Zimene Qur'an ikuphunzitsa

Tsegulani Surat Al-Insan, ndiyo sura ya 76, ndime 8 ndi 9. Pamenepo Allah akutamanda anthu olungama chifukwa cha kudyetsa magulu atatu: wosauka, wamasiye ndi wogwidwa. Akutinso amapereka chakudya chimene iwo eni akuchifuna, osayembekezera malipiro ngakhale zikomo. Aŵiri oyambawo timaŵatchula pa ulaliki uliwonse. Wachitatuyu ndiye timamdumpha. Omasulira Qur'an akale ena adati mau amenewo akunena wogwidwa pa nkhondo, ena adati akunenanso Msilamu amene watsekeredwa.

Taonani zimene zidachitika pa nkhondo ya Badr, pa 17 Ramadhani m'chaka chachiŵiri cha Hijra, ndicho chaka cha 624. Asilamu adagwira adani pafupifupi 70, anthu amene adabwera ndi malupanga kudzaŵapha. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adalamula kuti aŵasunge bwino. Mmodzi wa ogwidwawo, Abu Aziz, m'bale wake wa Mus'ab bin Umair, adasimba pambuyo pake kuti anthu a ku Madina amene ankamsunga ankampatsa iye mkate, iwo eni nkumadya tende zokha, mpaka iye adachita manyazi. Ngati mdani wogwidwa ndi lupanga m'manja adadya mkate, nanga mwana wa mnansi wanu, amene sadalakwire munthu?

Wina anena kuti, "Koma Shehe, bambo wa nyumba imeneyo ndi wakuba, adatibera nyali ndi injini, tonse tikudziŵa." Mwina ndi zoona. Chisilamu sichibisa mbala, ndipo woba ayenera kulapa ndi kubweza za eni ake. Komatu Qur'an, m'Surat Al-An'am ndime 164 ndi m'Surat Fatir ndime 18, ikuphunzitsa kuti tchimo la munthu silisenzetsedwa munthu wina. Woŵeruza adatchula dzina limodzi. Inu mukamana mkaziyo moni, mukaletsa ana anu kuseŵera ndi ana ake, mwapereka chilango chanu kwa anthu amene khoti silidaŵazenge mlandu.

Dziŵaninso kuti si onse ali m'katimo amene adapezeka olakwa. Ena akungodikira mlandu pa rimandi. Ena adalephera kulipira faindi, monga asodzi ogwidwa akukoka khoka nyengo yotseka nyanja. Ena ndi anyamata athu opita ku Joni, amene adagwidwa opanda mapepala nkukasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kuno. Kwao ndalama ija yotumiza mwezi ndi mwezi idaduka mwadzidzidzi. Ndipo Mneneri Yusuf (A.S.) adakhala m'ndende zaka zingapo chifukwa cha bodza la munthu wina. Ngakhale kwa wolakwa weniweni, Mtumiki (S.A.W.) adaletsa Maswahaba kutemberera munthu amene adalangidwa chifukwa cha mowa, kuti asathandize Satana pa m'bale wao.

Kodi Zakaati ingapite kumeneko?

Inde ingapite. Surat At-Tawba ndime 60 ikutchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira Zakaati. Oyamba ndi mafukara ndi masikini, ndiye kuti amene alibe kanthu ndi amene ali nako koma kosakwanira. Mkazi amene mwamuna wake watsekeredwa ndipo palibe chimene adamsiyira ali m'gulu limeneli pamodzi ndi ana ake. Kukhala ndi mwamuna wamoyo sikumchotsa m'gululi pamene mwamunayo sangathe kumpatsa ngakhale mchere.

Tikumbutsane muyeso. Ngati mwasunga chuma chokwana mtengo wa magalamu 85 a golide, kapena magalamu 595 a siliva, ndipo chatha chaka chathunthu cha mwezi, mutulutse K25 pa K1,000 iliyonse. Izi zikukhudzanso inu ogula usipa wokagulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe, pakuti katundu wa malonda amaŵerengedwa pamodzi ndi ndalama. Inu alimi, chimanga chotonola chikafika pafupifupi makilogalamu 650, ndiwo matumba 13 a makilogalamu 50, mutulutse gawo limodzi mwa magawo khumi ngati chidalimidwa ndi mvula, ndipo theka la pamenepo ngati mudathirira movutikira. Zakaati ya mbewu ndi ya nthaŵi yokolola, siyembekeza Ramadhani. Thumba limodzi lotere likhoza kusunga mayi ndi ana atatu kwa masabata angapo.

Pali funso limene limavuta ambiri. Nanga ngati womangidwayo ndi m'bale wanga? Amene simungaŵapatse Zakaati yanu ndi okhawo amene kuŵadyetsa ndi udindo wanu kale: mkazi wanu, makolo anu osoŵa, ndi ana anu amene ali m'manja mwanu. Koma mlamu wanu, mlongo wanu amene mwamuna wake ali ku Chichiri, adzukulu ana a mlongo wanu, ana a mkulu wanu, onseŵa mungaŵapatse. Mtumiki (S.A.W.) adaphunzitsa kuti kupatsa wachibale kuli ndi malipiro aŵiri, a sadaka ndi a kulumikiza chibale. Kuno kwathu mwini mbumba amadziŵika msanga pa ukwati ndi pa milandu ya malo. Adziŵikenso pamene mlongo wake wagona ndi njala.

Gulu lina m'ndime yomweyo ndi la angongole. Mabanja ambiri a omangidwa amagwa m'katapila: wakongola K50,000 ya ulendo wa ku khoti, mwezi ukatha wobwereketsa afuna K75,000. Imeneyo ndi riba, ndipo Msilamu wokongoza motero adziŵe kuti akudya haramu, kufunga kwake kuli apo. Ngongole imene mayi adatenga kuti adyetse ana kapena agule mankhwala ingabwezedwe ndi Zakaati. Ndipo ngati wokongozayo ndinu, Surat Al-Baqara ndime 280 ikukuuzani kumdikira wovutika mpaka atapeza, ndi kuti kumkhululukira ndiko kwabwino koposa. Za kulipira faindi ya khoti ndi ndalama ya Zakaati, ophunzira amasiyana maganizo malinga ndi mlandu wake ndi kulapa kwa munthuyo. Pamenepo musadzigamulire nokha, kaonaneni ndi Shehe wanu. Koma ndi sadaka wamba palibe chokuletsani kuombola munthu amene watsala m'ndende chifukwa chosoŵa ndalama zochepa.

Zakaatul Fitri ndiyo imene khomo lililonse lingathe. Mutu uliwonse wa m'nyumba mwanu, ndi khanda lomwe, muutulutsire pishi imodzi ya chakudya chimene mumadya kwanuko, pafupifupi makilogalamu aŵiri ndi theka kufikira atatu a mpunga kapena chimanga. Iperekedwe Swala ya Idi isanapempheredwe, ndipo pa chiphunzitso cha Imamu Shafi'i mungathe kuyamba kupereka mwezi ukangoyamba. Chaka ndi chaka Fitri imaunjikana pa makomo aŵiri atatu omwe aja odziŵika, ina nkumaonongeka ndi anankafumbwe. Inu okalamba ndi odwala matenda osachira amene mukupereka Fidya m'malo mwa kufunga, chakudya cha tsiku ndi tsikucho chingapitenso ku khomo lomwelo. Banja la womangidwa likakhala lopanda chotsala pa chakudya cha tsiku la Idi, silikakamizidwa kutulutsa Fitri. Auzeni zimenezi, pakuti amayi ena amada nkhaŵa kuti achimwa.

Mnansi amene si Msilamu musamuiŵale. Ophunzira ambiri amati Zakaati ndi ya Asilamu, koma sadaka ilibe malire. Ogwidwa a ku Badr aja sadali Asilamu.

Ulendo wa ku ndende

Ndalama yambiri ya banja lotere imathera pa msewu. Kuchokera ku Makanjira kufika pa boma la Mangochi ndi ulendo kale, nanga munthu akamsamutsira ku Zomba? Mayi amafika pa chipata atagulitsa nkhuku zonse, m'manja muli kabasiketi ka chinangwa. Kupitako nkofunika ndithu. M'chaka cha 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano amene adadandaula za kudya kamodzi patsiku ndi kugona mothithikana, oŵeruza a Khoti Lalikulu adagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu kunali kuzunza anthu, nalamula boma kuti likonze. Ganizani tsono za Msilamu amene akufunga m'menemo. Nsima ikaperekedwa masana ayenera kuisunga kufikira Magharibi, ndipo ya daku aipeza kuti?

Apa mzikiti ungathe kuchita chimene munthu mmodzi sangathe. Ngati m'dera lanu muli mabanja atatu amene anthu ao ali ku ndende imodzi, sonkhani ya galimoto kuti apite tsiku limodzi, kapena mutume munthu mmodzi wokhulupirika atenge katundu wa onse. Sopo, shuga, mchere, usipa wouma, mtedza wokazinga ndi chofunda ndi zinthu zazing'ono kunja kuno, koma m'katimo ndi chuma. Yambani mwafunsa akuluakulu a ndende zimene amalola ndi masiku oonera anthu, kuti katundu asabwerere pa chipata. Kusamala akaidi sikudayambe lero m'Chisilamu. Kadhi Abu Yusuf adalembera Khalifa Harun Ar-Rashid wa ku Baghdad kumlangiza kuti akaidi osoŵa azipatsidwa chakudya, ndi zovala za nyengo yozizira ndi yotentha, kuchokera m'thumba la boma.

Thandizo lina silifuna tambala, lifuna munthu wodziŵa kuŵerenga. Belo ya ku polisi ndi yaulere, ndipo aliyense wofuna ndalama pa belo imeneyo akuchita katangale. Malamulo aakulu a dziko la Malaŵi, gawo 42, amati womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, kupatula pamene nthaŵiyo yathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito. Boma lili ndi ofesi ya Legal Aid Bureau yoimira anthu osauka pa milandu. Mayi wosadziŵa zimenezi amagulitsa munda kupatsa munthu wonama kuti amadziŵana ndi akuluakulu. Inu aphunzitsi ndi inu anyamata a sekondale, mperekezeni mayiyo ku ofesi. Mukamfunsirenso kwa a komiti ya m'mudzi ngati angalembedwe pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma imene idayambira ku Mchinji mu 2006 yothandiza mabanja osaukitsitsa opanda munthu wogwira ntchito.

Kaperekedwe kake

Banja la womangidwa lili kale ndi manyazi, musaŵaonjezere. Musalengeze dzina lao pa Ijumaa, ndipo musaŵajambule ndi foni atanyamula thumba. Surat Al-Baqara ndime 264 ikuchenjeza kuti kukumba ndi kunyoza kumafafaniza sadaka, ndipo ndime 271 ikuyamika kupereka mobisa. Mukapereka musafunse za mlandu. Mayiyo akafuna kusimba asimba yekha.

Inu abambo, katunduyo apite ndi akazi anu kapena alongo anu. Mwamuna kumaloŵa yekha madzulo pa khomo la mkazi amene mwamuna wake kulibe, ngakhale mtima uli woyera, kumabala mphekesera, ndipo mphekeserazo zimakafika mpaka ku Zomba nkupasula banja limene mumafuna kulisunga. Inu amayi, muitaneni mnzanuyo ku Tarawehe, muime naye mzere umodzi, ndipo pophika futari ya ku mzikiti mumpatse naye mphika wake woyang'anira. Ana ake mwalimu asaŵabweze ku madrasa chifukwa cha ndalama ya mwezi.

Ramadhani ndi masiku 29 kapena 30, koma chilango cha munthu chingathe kukhala zaka zitatu. Thumba la mpunga wa Idi likatha, mayi uja amabwerera pomwe adali. Nchifukwa chake amene muli ndi Zakaati yokulirapo ganizani za mpamba: ndalama yogulira usipa woyanika, thandala loyanikira, ufa ndi mafuta a mandasi, kapena mbewu ndi ganyu yolimira munda mvula isanagwe. Imamu Shafi'i ndi ophunzira a njira yake amalola kupatsa wosoŵa zipangizo za ntchito kapena mpamba womkwanira kudziimira. Bwato la womangidwa likangokhala pa mchenga limang'aluka ndi dzuŵa. Pezani msodzi wokhulupirika aziligwiritsa ntchito, gawo la mwini bwato lizipita kwa mkazi wake, ndipo panganoli lichitike pamaso pa mboni ziŵiri ndi kulembedwa.

Usiku wa 27 usanafike, komiti ya mzikiti ikhale pansi ndi amayi aŵiri achikulire odziŵa kusunga chinsinsi. Alembe makomo otere a m'dera lanu, chiŵerengero cha ana, ndende imene munthu ali, ndi mwezi umene akuyembekezeka kutuluka. Pa khomo lililonse alembeponso dzina la munthu mmodzi amene adzapitako mwezi wa Shawwali ukatha.