Tiphunzire Masamu: Zidutswa 23 za Buledi ndi Malofu Angati?

Tiyerekeze kuti ophika adula buledi wa m'mawa, lofu iliyonse pazidutswa zinayi zofanana. Anyamata adya, atuluka, ndipo m'dengu mwatsala zidutswa 23 (ngakhale tonse tidziwa kuti zotere sizichitikachitika). Tsono woyang'anira chuma afika nafunsa kuti, "Kodi kwatsala buledi wochuluka bwanji?" Mnyamata wa Fomu 1 angathe kuyankha kuti 23/4, ndipo sananame ayi, pakuti chidutswa chilichonse ndi 1/4 ya lofu. Koma yankho lotere silithandiza munthu amene afuna kudziwa malofu oti agule mawa. Iye afuna kumva kuti kwatsala malofu 5 athunthu ndi zidutswa zitatu, ndiye kuti 5 3/4.

Fulakishoni yonga 23/4, imene nambala yake ya pamwamba ndi yaikulu kuposa ya pansi, mabuku athu amaitcha improper fraction. Ya mtundu wa 5 3/4, yokhala ndi nambala yathunthu ndi kachidutswa pambali pake, amaitcha mixed number. Dzina loyambalo lisatisokoneze ngati kuti 23/4 ili ndi cholakwa. Ziwirizi ndi nambala imodzi yomweyo, kungoti yavala zovala ziwiri zosiyana. Ndipo inu amene mumaphunzira Chilatini muzindikira kuti mawu oti fulakishoni adachokera ku frangere, kutanthauza kuthyola kapena kunyema.

Tisanathamangire lamulo, tiyambe tamvetsa ntchito ya nambala iliyonse. Ya pansi imatiuza kuti chinthu chimodzi chadulidwa pangati. Ya pamwamba imatiuza kuti zidutswa zotere tili nazo zingati. Pa 23/4 funso lathu ndi lakuti: mwa zidutswa 23, tingalumikize malofu angati, poti lofu imodzi imalira zidutswa zinayi? Zinayi zoyamba zipanga lofu imodzi, 8 zipanga awiri, 12 atatu, 16 anayi, 20 asanu. Ya chisanu ndi chimodzi ikadafuna zidutswa 24, koma ife tapelewera ndi chimodzi. Choncho tili ndi malofu 5, ndipo zitatu zatsala m'dengu. Zimene tachitazi ndi kugawa basi: 23 ÷ 4 = 5, kutsala 3. Nambala 5 iima payokha, 3 wotsalayo akwera pamwamba, ndipo 4 akhala pansi monga momwe adaliri. Sasintha chifukwa kukula kwa zidutswa sikudasinthe. Palibe amene wabweranso ndi mpeni.

Wofuna kutsimikiza abwerere m'mbuyo: 5 × 4 = 20, kuphatikiza 3 ndi 23. Tabwerera pa 23/4. Ntchitoyi sitenga ndi mphindi imodzi yomwe, koma ambiri amaidumpha pa mayeso nataya malikisi a ulere.

Pali dzenje limodzi limene limagwetsa ngakhale anyamata ochenjera. Atapeza 5 kutsala 3, amalemba 5.3. Ayi ndithu! Pa 5.3 ndiye kuti lofu yadulidwa pakhumi ndipo tatengapo zitatu, pamene ife tidaidula panayi. Ngati tifuna kulemba 5 3/4 m'madesimolo, yankho ndi 5.75. Dzenje lomweli limaoneka bwino tikamawerengera nthawi. Ulendo wa mphindi 200 ndi maola angati? Ola limodzi lili ndi mphindi 60, choncho tili ndi 200/60. Tikagawa tipeza 3, kutsala 20, ndiye 3 20/60. Tikachepetsa 20/60 pogawa pamwamba ndi pansi pomwe ndi 20, tipeza maola 3 1/3, kapena kuti maola atatu ndi mphindi 20. Amene angalembe maola 3.20 wachepetsa ulendowo ndi mphindi 8, chifukwa 0.20 ya ola ndi mphindi 12 zokha.

Taonaninso kuti sitidasiye yankho pa 3 20/60. Kachidutswa ka pambali kayenera kuchepetsedwa mpaka pomwe sikangachepenso. Chimodzimodzi 18/4 ndi 4 2/4, imene ili 4 1/2. Mukaona kuti chotsala chafanana ndi nambala ya pansi kapena chaiposa, monga kulemba 23/4 = 4 7/4, dziwani kuti kugawa simudamalize: m'zidutswa 7 zija mukadali lofu ina yathunthu. Ndipo ngati palibe chotsala, monga 24/4, yankho ndi 6 basi.

Mavuto a buledi m'masamu sadayambe ndi ife. Ku Egypt, zaka pafupifupi 1550 Khristu asanabadwe, mlembi wina dzina lake Ahmes adakopera masamu pa chikalata cha gumbwa, ndipo ena mwa mafunso ake oyambirira ndi a kugawa malofu a buledi kwa anthu 10. Alexander Henry Rhind adagula chikalatacho ku Luxor mu 1858, ndipo gawo lake lalikulu limasungidwa ku British Museum mu London. Koma chitsanzo chimene chimatikhudza kwambiri ndi cha Archimedes wa ku Syracuse, amene adamwalira m'chaka cha 212 Khristu asanabadwe. Iye adaonetsa kuti nambala ija timaitcha pi ili pakati pa 3 10/71 ndi 3 1/7. Tsono 3 1/7 ndiyo 22/7 yomwe timagwiritsa ntchito m'kalasi, pakuti 22 ÷ 7 = 3, kutsala 1. Mukangoona 22/7 simudziwa msanga zimene ikunena. Koma 3 1/7 ikuuzani poyera kuti chingwe chozungulira m'mphepete mwa mkombero chimatalika katatu ndi kachidutswa kakang'ono poyerekeza ndi chingwe chodutsa pakati pake. Yesani ndi ulusi pa kamwa la ndowa, muona nokha.

Komabe si nthawi zonse pamene mixed number imatithandiza. Pochulukitsa ndi pogawa imasanduka msampha. Taonani 2 1/2 × 1 1/3. Wopupuluma achulukitsa 2 ndi 1, kenaka 1/2 ndi 1/3, napeza 2 1/6. Yankho limeneli silingakhale loona, chifukwa 2 1/6 ndi yochepa kuposa 2 1/2 imene tidayamba nayo, chonsecho taichulukitsa ndi nambala yoposa 1. Njira yake ndi kuyamba tasandutsa zonse: 5/2 × 4/3 = 20/6, imene ili 3 2/6, ndiye kuti 3 1/3. Ine ndimaona kuti nkwanzeru kugwira ntchito yonse ndi improper fraction, ndi kusandutsa pa mzere womaliza pokha. M'masamu a zilembo a ku Fomu 3 ndi 4 ndiye nkofunika kusamala koposa, pakuti kumeneko zinthu ziwiri zikagundana, monga 2x, zimatanthauza kuchulukitsa, pamene 2 1/2 itanthauza 2 kuphatikiza 1/2.

Makolo amene mukuwerenga nafe, izi si zachilendo kwa inu. Mayi amene wagulitsa chimanga theka la ndowa kwa anthu 7 sanena kuti wagulitsa 7/2. Amati ndowa zitatu ndi theka. Mwana wanu akabwera ku tchuthi, mufunseni alembe pa pepala zimene inu mumawerengera m'mutu.

Nazi zoti muyese musanagone: 17/5, 45/6, 100/8 ndi 223/71. Lomalizalo mukalipeza muzindikira mwini wake. Kenaka yankhani ili: telala amadula nsalu m'zidutswa za 3/4 ya mita, ndipo wadula zidutswa 15. Kodi wagwiritsa ntchito mamita angati? Mayankho tidzawaona m'kope lotsatira.