Credit ndi Maola: Mmene Yunivesite Yophunzitsa Patali Imawerengera Ntchito Yathu

Ambiri a ife tinalowa koleji tikudziwa credit wa mtundu umodzi wokha. Pa mayeso a MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, ndipo 9 ndi kulephera. Tili Fomu 4 tinkagona ndi kudzuka tikuwerengetsera ma credit asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Kwa ife credit ankatanthauza kukhoza bwino. Ku yunivesite yophunzitsa anthu ali kwawo, liwu lomweli limatanthauza chinthu china, ndipo wosalimvetsa amataya ndalama ndi zaka.

Nkhaniyi ikutikhudza ife amene tikuphunzira zauphunzitsi. Tikamaliza pano, ena a ife adzatumizidwa ku sukulu za kutali ndi tawuni. Tsiku lina tidzafuna kuonjezera maphunziro osasiya ntchito, ndipo njira yoyandikira idzakhala yophunzira tili kunyumba. Tiyeni titenge chitsanzo cha University of South Africa, yodziwika kuti Unisa, yomwe likulu lake lili ku Pretoria. Inayamba mu 1873, ndipo mu 1946 inayamba kuphunzitsa anthu ali kutali. Nelson Mandela analandira digiri yake ya zamalamulo kumeneku mu 1989 akadali m'ndende, ndipo Amalawi ena amaphunziranso kumeneku.

Credit ndi chiyani?

Ku South Africa, credit mmodzi ndi maola 10 a ntchito. Maola amenewa si a m'kalasi ayi. Ndi nthawi yonse imene wophunzira wamba amafunika kuti amvetse phunzirolo: kuwerenga, kufufuza, kulemba asayimenti, kukonzekera mayeso ndi kulemba mayesowo. Phunziro lililonse limatchedwa module, ndipo ma module ambiri a digiri yoyamba ku Unisa amakhala ndi ma credit 12. Ndiye kuti module imodzi ikufuna maola 120.

Tizindikire kuti ma credit sachuluka chifukwa cha kukhoza kwambiri. Amene wapeza 52 ndi amene wapeza 88 onse amalandira ma credit 12 omwewo. Amene walephera salandira kanthu, ngakhale atakhala kuti anasala tulo miyezi inayi. Malikisi amanena mmene tinakhozera, pomwe credit amanena kukula kwa ntchito imene tamaliza.

Ma credit akaunjikana ndiwo amabala pepala. Higher Certificate imafuna ma credit 120. Digiri wamba, monga BA, imafuna 360. Digiri ya zauphunzitsi, BEd, imafuna 480. Pepala lililonse lilinso ndi malo ake pa makwerero a maphunziro a dzikolo otchedwa NQF, amene ali ndi masitepe 10. Higher Certificate ili pa 5, dipuloma pa 6, BA ndi BEd pa 7, Honours pa 8, Master's pa 9, ndipo udokotala pa 10.

Ena a ife tinazolowera kawerengedwe ka ku America, komwe phunziro limakhala ndi ma credit hour atatu. Tisanamizike kuti module ya ma credit 12 ndi yaikulu kanayi kuposa phunziro lotere. Credit hour amawerenga maola a m'kalasi pa sabata. Tikaphatikiza maola atatu a m'kalasi ndi ena asanu ndi limodzi owerenga patokha, kwa masabata 15, timapeza maola 135. Ntchitoyo ndi yofanana ndithu, miyeso yake ndiyo yosiyana.

Tiwerenge maola tisanalembetse

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Unisa imalola wophunzira kulembetsa mpaka ma credit 60 pa semesita, omwe ndi ma module asanu. Munthu wofuna kumaliza msanga amatenga onse asanu. Koma ma credit 60 ndi maola 600. Tikagawa maolawa pa masabata 15, tikupeza maola 40 pa sabata, omwe ndi ofanana ndi ntchito yolembedwa ya tsiku lonse.

Tsono tiyerekeze mphunzitsi wa pa CDSS amene amaphunzitsa kuyambira 7:30 m'mawa mpaka masana, ali ndi makope oti achonge, masikimu oti alembe, ndi banja loti alisamale. Magetsi amathima, ndipo netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa sukulu. Maola 40 enawo awapeza kuti? Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ma module awiri ndi maola 240, kapena kuti maola 16 pa sabata. Amenewa munthu wa pa ntchito angawakwanitse akadziletsa.

Komanso kuyenda pang'onopang'ono kuli ndi malire ake. Malamulo a Unisa amafuna kuti wophunzira akhoze ma credit osachepera 36 m'chaka choyamba, ndi 48 m'chaka chilichonse chotsatira. Kunena kwina, ma module atatu kenako anayi pa chaka. Wolephera kufika pamenepa akhoza kukanizidwa kulembetsanso. Digiri ya ma credit 360 iyenera kutha m'zaka 8, ndipo ya ma credit 480 m'zaka 10. Choncho funso loyamba si lakuti tili ndi fizi ya ma module angati. Funso loyamba ndi lakuti tili ndi maola angati pa sabata.

Mmene malikisi amapezekera

Kuti munthu akhoze module, amafunika 50 pa 100. Kuyambira 75 ndi distinction. Malikisi omaliza amachokera mbali ziwiri: a ma asayimenti, omwe amatchedwa year mark, ndi a mayeso otsiriza. Kulemera kwa mbali ziwirizi kumasiyana malinga ndi module, ndipo kumalembedwa m'kalata yoyamba ya module iliyonse, yotchedwa Tutorial Letter 101. Kalata imeneyi ndiyo imalowa m'malo mwa mphunzitsi amene amaima kutsogolo pa tsiku loyamba n'kufotokoza za kosi. Muli masiku operekera ma asayimenti, mabuku ofunika, ndi lamulo lakuti asayimenti inayake ikapanda kuperekedwa pa nthawi yake munthu saloledwa kulemba mayeso. Ma module ena alibe mayeso otsiriza, amangodalira ntchito zoperekedwa m'kati mwa semesita, ndipo izinso zimalembedwa m'kalata yomweyo.

Tiyeni tiyeserere ndi module imene ma asayimenti amatenga 30 ndipo mayeso amatenga 70.

Wophunzira woyamba wapeza 70 pa ma asayimenti ndi 42 pa mayeso. Ma asayimenti amupatsa 21, mayeso amupatsa 29.4. Zonse pamodzi ndi 50.4, ndipo wakhoza. Chamupulumutsa ndi khama la m'kati mwa semesita.

Wachiwiri wapeza 90 pa ma asayimenti ndi 38 pa mayeso. Tikawerengetsera, 27 kuphatikiza 26.6 ndi 53.6. Kodi wakhoza? Ayi. Pali lamulo lotchedwa subminimum: munthu akapeza malikisi osafika 40 pa mayeso otsiriza, malikisi a ma asayimenti sawerengedwa. Pa zotsatira zake padzalembedwa 38. Ife aphunzitsi a mawa tikumvetsa chifukwa chake. Asayimenti imalembedwa kunyumba, mabuku ali potsegula, mwinanso mnzako ali pambali. Yunivesite imafuna umboni wakuti zimene zili pa pepala zilinso m'mutu.

Amene wafika pakati pa 40 ndi 49 nthawi zambiri amapatsidwa mwayi wolembanso mayeso a supplementary pa nyengo ya mayeso yotsatira. Amene wadwala pa tsiku la mayeso akhoza kupatsidwa mwayi wina wolemba, malinga ndi malamulo a chaka chimenecho. Chofunika n'kufunsa. Ku yunivesite ya ophunzira zikwi mazana, palibe amene adzaone kuti desiki yathu ili yopanda munthu n'kutuma mnzathu kudzatifunsa.

Transcript siyiiwala

Satifiketi ya digiri imangonena kuti tinamaliza. Transcript, yomwe Unisa imaitcha academic record, imanena mmene tinayendera. Module iliyonse imalembedwa ndi nambala yake, chaka, malikisi ndi zotsatira. Tikalephera module n'kuibwereza n'kukhoza, kulepherako sikufufutidwa, mizere iwiriyo imaoneka yonse. Olemba ntchito, opereka ma scholarship ndi osankha ophunzira a Master's amawerenga pepala limeneli mzere ndi mzere.

N'chifukwa chake kusiya module mwakachetechete n'koopsa. Zinthu zikathina, matenda kapena maliro akagwa, pali njira yoichotsera module pa kalembera mwalamulo, tsiku loikika lisanadutse. Wongosowa osanena amapeza pa transcript palembedwa kuti sanabwere pa mayeso, ngongole ya fizi ikumudikira. Ndipo wokhala ndi ngongole sapatsidwa zotsatira zake mpaka atalipira.

Tiziyang'ananso zolembedwa zathu semesita iliyonse. Zotsatira zimaikidwa pa myUnisa, ndipo makalata a yunivesite amapita ku imelo ya myLife imene wophunzira aliyense amapatsidwa, osati ku imelo yathu ya masiku onse. Dzina likhale lofanana ndi la pa pasipoti ndi pa satifiketi ya MSCE. Chilembo chimodzi cholakwika n'chosavuta kukonza m'chaka choyamba, koma chimasautsa digiri itasindikizidwa kale.

Kusamutsa ma credit

Kodi zimene tikuphunzira panozi zingawerengedwe kumeneko? Zimatheka, koma sizichitika zokha. Timapempha, ndipo yunivesite imayerekeza phunziro lathu ndi module yake: zophunzitsidwa zifanane, kulemera kufanane, ndiponso sitepe ya NQF ifanane. Ngakhale zonse zitafanana, ma credit ochokera kwina sapitirira theka la digiriyo. Theka linalo liyenera kuchitidwa ku Unisa komweko.

Popempha amafuna transcript ndi chikalata chofotokoza zimene zinaphunzitsidwa mu kosi iliyonse. Ma course outline amene timalandira sabata yoyamba ya semesita, aja timakulungira mandasi kapena kuwasiya pansi pa matiresi, ndiwo umboni umenewu. Tiwasunge m'fayilo imodzi, ndipo tiwajambulenso pa foni.

Mapepala akamadutsa malire a dziko amaunikidwa. Ku South Africa, bungwe la SAQA ndilo limaunika mapepala ochokera kunja n'kunena sitepe yake pa NQF. Kuno kwathu, bungwe la NCHE limaunika mapepala a maphunziro apamwamba amene munthu watenga kunja. Tisanalipire yunivesite iliyonse ya pa intaneti, tifunse ngati ili yovomerezeka m'dziko lake ndiponso ngati pepala lake lidzalandiridwa kuno. Safunsa anadya phula.

Zoti tichite

Tisanalembetse, tilembe pa pepala maola enieni amene tili nawo pa sabata, tichulukitse ndi 15, kenako tigawe ndi 120. Yankho lake ndilo chiwerengero cha ma module amene tingasenze. Tikalembetsa, tiwerenge Tutorial Letter 101 yonse ndi kukopera masiku ake pa kalendala. Malamulo amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho tiziwerenga a chaka chimene tikulembetsacho, osadalira zimene anatiuza amene anamaliza kale.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Mnzathu ali ndi maola 20 pa sabata. Kodi atenge ma module angati a ma credit 12 pa semesita, ndipo BEd ingamutengere zaka zingati?

2. Mu module ya 40 pa ma asayimenti ndi 60 pa mayeso, wophunzira ali ndi year mark ya 65. Kodi akufunika malikisi angati pa mayeso kuti akhoze?

3. Tikadzayamba kuphunzitsa, tidzamufotokozera bwanji mwana wa Fomu 4 kusiyana kwa credit wa MSCE ndi credit wa ku yunivesite?